Lumbiro la Ba Mbarek

Lachisanu masana, anthu akachoka ku mzikiti n'kukhuta kusikusi, chakudya cha tsikulo, ngakhale mbava za mu Marrakech zimagona. Inspekitala Touria ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, mpaka foni inamulekanitsa ndi mbale ya mayi ake.

"Zibangili zagolide za mlendo zasowa kwa Lalla Zhor," anatero Sajeni Bouchaib. "Koma idyani mosathamanga, bwana. Wakuba tamugwira kale."

"Ndani?"

"Ba Mbarek, wosonkha moto uja."

Njala inathera pomwepo. Touria anakulira m'kanjira komweko. Ali kamtsikana, bambo ake ankamusenzetsa tanjiya, mtsuko wa nyama womata pepala kukamwa, kuti akaupereke kwa Ba Mbarek aukwirire m'phulusa la ng'anjo yawo. Ng'anjoyo inali kunsi kwa nyumba ya alendo ya Lalla Zhor, ndipo ndiyo inkatenthetsa madzi osamba mpaka chaka chatha, pamene mayiwo anagula makina n'kuitseka. Zaka zonsezo mitsuko ya anthu inkatandala m'manja mwa nkhalambayo, koma palibe anadandaulapo kuti mwasowa ngakhale fupa. Ndiye lero akabe golide? Komabe ntchito ya upolisi siyendera chikondi. Touria ankadziwa kuti dzuwa likalowa asanapeze china, munthu wamkuluyo akagona m'chitokosi, ndipo dzina lawo labwino lidzathera komweko.

Ba Mbarek anawapeza atakhala pansi pa mtengo wa lalanje, pabwalo la m'kati mwa nyumba. Mkanjo wawo unali wonyowa m'maondo monse muwiri, ndipo m'ndevu munakodwa kanthenga ka nkhunda.

"Mtendere ukhale nanu, Ba Mbarek."

"Ukhale nawenso, mwana wa Si Tahar. Wakula. Masiku ano ukumanga anthu?"

"Ndimamanga akuba okha. Munakwera padenga la nyumba ino lero?"

"Ndinakwera."

"Kudzera pati?"

"Pakhoma. Kuchokera padenga langa, pomwe pali khola la nkhunda."

"Kudzatani?"

Nkhalambayo inakweza maso n'kumayang'ana malalanje ngati ikuwaona koyamba.

"Zibangili sindinatenge. Mulungu akuona."

"Akuonadi, Ba, koma woweruza adzafuna kumva kwa inu. Munadzatani padenga la eni?"

"Ndanena zimene ndanena."

Sajeni Bouchaib, munthu wamimba yake, anasendera pafupi uku akutokosa m'mano. "Tasecha nyumba yonse, bwana, ngakhale m'matumba mwawo. Mulibe. Koma musadzivute nawo. Tili ndi mboni imene inaona ndi maso."

* * *

Mwini zibangili anali Ghita, mkwatibwi wa ku Casablanca, amene hena, utoto wokometsera akwatibwi, inali idakali bii m'manja mwake. Ankalira akuyankhula, n'kumayankhula akulira. Mwamuna wake anangokhala pambali atagwira tsaya.

"Za apongozi anga, achemwali! Mukuwadziwa apongozi anga? Simukuwadziwa. Mukanawadziwa bwenzi mukulira nane limodzi. Anandiveka okha pamaso pa anthu, n'kunena kuti, 'Izi zinavalidwa ndi akazi osamala.' Lero sabata isanathe n'komwe!"

"Munazisiya pati?"

"M'kachipinda kovulira, pamwamba pa masitepe. M'kambale. Awa ndiwo anati ndivule, akuti mankhwala a m'madzi amawononga golide. Nenani, si inu?"

Mwamunayo anatsegula pakamwa, koma mkazi wake anali atapitirira kale.

"Kachipindako kali ndi zitseko ziwiri, china cha kumasitepe, china cha padenga. Ife tinatulukira cha padenga n'kulowa m'bafa la alendo lili padengapo. Madzi ake, achemwali, otentha bwino mpaka m'mafupa! Ndinangotsinzina. Potuluka, kambale kali mbee."

"Muli m'madzimo munaona munthu?"

"Tione bwanji? Bafalo analitchinga ndi mpanda wa bango."

"Nanga kumva?"

Ghita anasiya kulira kuti aganize. "Makina aja ankangolira, ng'ung'ung'u, osaleka. Nkhunda nazo. Ndiyeno nsapato. Munthu wokhwekhwereza nsapato, khwe, khwe, cha kumasitepe. Ndinkayesa wantchito wabwera ndi tiyi."

* * *

Mboni ija inali Si Allal, mng'ono wa malemu mwamuna wa Lalla Zhor, amene ankakhala m'chipinda cha pansi m'nyumba yomweyo, kudya ndi kugona osagwira kanthu. Anamulandira Touria atavala mkanjo woyera mbuu, akununkhira mafuta a maluwa. Poyankhula ankachita ngati pali anthu zana akumvetsera.

"Ine, Inspekitala, kunenera munthu ndimadana nako. Makamaka munthu wosauka. Koma choonadi ndi katundu, ukachisenza uyenera kuchitula."

"Tulani."

"Nditachoka ku mzikiti msana unkandivuta. Chisanu cha chaka chino mukuchiona nokha. Ndinati, ha, ndikwere ndikaothe ku makina a alamu angawa. Kale amuna tonse a m'kanjira kano tinkatsamira khoma la ng'anjo nthawi yozizira, inu mukukumbuka."

Touria ankakumbukadi. Bambo ake omwe ankakhala pamzere umenewo, misana kukhoma, akukangana za mpira.

"Ndiye ndinakhala pansi kutsogolo kwa makinawo, nditawapatsa msana. Kampweya kofunda kakundisisita, tulo tayamba kundiba. Kenako ndinangoona mwendo pakhoma. Mbarek! Anatsika, anayang'ana uku ndi uku, n'kulowa m'kachipinda kovulira. Potuluka dzanja lili m'thumba."

"Iwo sanakuoneni?"

"Makinawo ali pangodya, kuseri kwa kakhoma. Munthu saonekera."

"Bwanji simunakuwe?"

"Ndikuwe alendo akusamba? Ndinaleredwa, Inspekitala." Anapukusa mutu mwachisoni. "Funsani aliyense mmene anatukwanira makina amenewo tsiku limene anafika. Munthu akachotsedwa ntchito mtima umachita dzimbiri."

Touria anayang'ana pansi. Si Allal anavala nsapato zachikasu zopanda chidendene, koma zimenezo amavala theka la amuna a mumzinda. Nsonga za zala zawo za m'manja nazo zinali zachikasu, ndipo pansi pa fungo la maluwa lija pankamveka chitowe ndi adyo. Nkhani yawo inali yosalala, yopanda pogwira. Touria anatuluka atakhumudwa.

* * *

Lalla Zhor anakwera masitepe akudandaula maondo pa sitepe iliyonse. Anali mayi wamasiye wa mawu aakulu, woti akamanong'ona oyandikana nawo amamva.

"Ndilo bafalo. Ndipo awo ndiwo makina amene andidanitsa ndi kanjira konse."

Bafalo linali lovindikira ndi chivindikiro chochindikala. Makinawo anali pangodya, bokosi lachitsulo lofika m'chiuno, fani yaikulu kutsogolo, mapaipi awiri olowera kubafa. Anali zii.

"Azima?" anafunsa Touria.

"Akupuma. Madzi akafika pomwe ndinawauza, amaleka okha. Ukavundukula, kutentha kumathawa, iwo n'kuyambanso. N'chifukwa chake alendo akangotuluka ndimavindikira msanga ngati mphika wa mpunga. Anthu ankati ndapenga, mwana wanga. Koma nkhuni zinkandidya wamoyo, utsi unkadetsa nsalu, apaboma tsiku ndi tsiku pakhomo. Awa sasonkha moto. Alibe moto n'komwe."

"Nanga madzi amatentha ndi chiyani?"

"Ndi mpweya womwewu. Amaukoka cha kumbuyoku, n'kuyamwa kutentha kuli m'menemo, n'kukuthira m'madzi. Ine ndimawayendetsa masana, dzuwa lili pamutu, mpweya uli ndi kanthu koyamwa. Kuwayatsa m'bandakucha n'kungotaya magetsi, ali ngati munthu wokama ng'ombe youma. Amachedwa, inde, koma ukawapatsa nthawi sakukhumudwitsa."

"Ba Mbarek munawachotsa?"

Lalla Zhor anakhala pa mpando wa alendo, mpandowo n'kulira. "Kuwachotsa? Ndinawapempha! Ndinati, Ba, moto watha koma madzi alipo, khalani muziyang'anira makinawa. Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mayi. Chichokereni sanapondenso pakhomo panga. Zimandipweteka, Touria. Munthu ameneyo anasambitsa mwamuna wanga atamwalira. Sindikukhulupirira kuti angabe, koma nanga alamu akuti anaona."

"Makinawa sanavutepo?"

"Anavuta, kuchiyambi kwa chisanu. Madzi ankangofunda pang'ono ngati tiyi wa mwana, alendo kumadandaula. Mmisiri anandiuza pafoni kuti, 'Lalla, kumbuyo kwatsekeka, mpweya sukulowa, sesaniko.' Ine ndigwade ndi maondo awa? Ndinauza alamu, iwo akuti mawa. Padenga pano sakwera n'komwe, amati n'pa akazi oyanika zovala. Kenako zinangochira zokha. Ndinati chifundo cha Mulungu."

Touria anagwada n'kusuzumira kuseri kwa bokosilo. Timizere tachitsulo tolowera mpweya tinali toyera waliwali, popanda fumbi ngakhale nthenga imodzi, chonsecho khola la nkhunda lili kuseri kwa khoma pomwepo. Mumphika wa maluwa wopanda ntchito munali mutadzaza nthenga, zopanikizidwa ndi dzanja. Pansi pa paipi panabisidwa katsache kofewa ka kanjedza. Pasimenti panali mapazi a munthu wosavala nsapato.

"Madzi awa akuchokera kuti?"

"Amakha akamagwira ntchito. Mmisiri akuti ndi thukuta lawo."

Touria anaimirira n'kudziyang'ana. Buluku lake linali litanyowa m'maondo monse muwiri.

* * *

Lalla Rkia, mkazi wa Ba Mbarek, anali kamayi kakang'ono, kouma, ka maso akuthwa. Touria anawapeza padenga lawo akumwaza tirigu, nkhunda zili piringupiringu kumapazi.

"Wabwera kudzasecha? Secha. Golide wa m'nyumba muno ndi dzino langa ili."

"Ndabwera kudzafunsa za katsache ka kanjedza, Lalla."

Mayiwo anasiya kumwaza. "Kanga kameneko. Kanasowa chisanu chitangoyamba. Akuganiza kuti sindidziwa. Masana alionse amavula nsapato apa, n'kukwera khomali ngati mphaka, munthu wa imvi. Ine ndimayang'anira pa zenera la kukhitchini."

"Amakasesa makina."

"Nanga! Nthenga za nkhunda zathuzi ndizo zinkatseka. Anamva mlendo akunena m'kanjira kuti madzi a kwa Lalla Zhor ndi ozizira. Tsiku limenelo sanadye. Akuti, 'Madzi a nyumba imeneyo sanazizirepo ine ndili moyo.' Munthu wopanda malipiro, wopanda womutuma!"

"Ndiye bwanji sakunena? Mawu amenewo angawapulumutse."

Lalla Rkia anakhala pa chitini chopidigula. Ukali uja unawathera, ndipo anayamba kuoneka msinkhu wawo weniweni.

"Pakamwa, mwana wanga. Tsiku limene makina anafika, amuna a kumalo omwera khofi ankamuseka, akuti bokosi lamulanda ntchito. Iye mkwiyo, anaimirira pamaso pa onse n'kulumbira. Akuti, 'Ndikadzakhudza chitsulo chimenecho ndi dzanja langali, Rkia si mkazi wanganso.' Wamva? Ine! Sanalumbirire nkhunda zake, analumbirira ine."

Lalla Rkia anapukusa mutu n'kupitiriza.

"Tsono m'mutu mwake akuganiza kuti zikakhala zobisika, Mulungu atsinzina. Koma akangovomera ndi pakamwa anthu akumva, ukwati watha. Ndiye wasankha ndende kuti ine ndikhalebe mkazi wake. Chitsiru cha munthu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndili ndi mawu oti ndimuuze, koma sajeni wako wamimba uja wandibweza pakhomo."

Touria anatsamira khoma lija. Ngati Ba Mbarek anali atagwada pa makina, ndiye kuti Si Allal sanali pamenepo. Koma nkhalambayo siyankhula, ndipo kukhoti mkanjo woyera umamveka kuposa mkanjo wa phulusa. Maondo onyowa ndi katsache sizikanakwana. Pankafunika kuti bodzalo ligwe lokha.

Dzuwa linali litapendeka. Kamphepo kanamulowa m'khosi, iye n'kukweza kolala. Pamenepo mawu a Lalla Zhor anamubwerera. Amakoka mpweya, amayamwa kutentha kwake, amakuthira m'madzi. Chabwino. Nanga mpweya wolandidwa kutenthawo umapita kuti?

Akanatha kuimbira mmisiri, koma kandimverere anakanena za m'maluwa. Anakwera khomalo iye mwini.

* * *

Posakhalitsa anthu onse anali padenga: Lalla Zhor, mkwatibwi ndi mwamuna wake, Sajeni Bouchaib atagwira Ba Mbarek pamkono, ndi Lalla Rkia amene tsopano palibe analimba mtima kuwabweza. Si Allal anafika pomalizira, akupuma ngati akwera phiri.

"Pepani pokuvutitsani, Si Allal," anatero Touria mwaulemu wonse. "Ndikufuna ndione ndi maso anga zimene munkatha kuona. Takhalani pomwe munakhala paja."

"Kuthandiza boma ndi udindo." Anayala mpango pasimenti, anakhala kutsogolo kwa fani n'kuipatsa msana. "Apa. Chonchi."

"Lalla Zhor, vundukulani bafa muyatse makina."

Chivindikiro chinachoka, nthunzi inakwera tolotolo. Bokosi lija linagunda kamodzi, fani n'kuyamba kuzungulira. Mkanjo woyera unayamba kupepeluka.

Poyamba Si Allal anamwetulira. Kenako kumwetulirako kunauma. Anakweza mapewa. Anabisa manja m'khwapa. Tsitsi la pakhosi pawo linaima njo.

"Mukumva kukoma, Si Allal?"

"Eya... lero akuchedwa pang'ono kufunda."

"Tidikira. Othani ndithu, musafulumire. Msana ndi chinthu chovuta."

Anapirira, munthu wamkulu, milomo ikusanduka yotuwa. Atayetsemula kachiwiri, Lalla Zhor, amene sanamve tsatanetsatane wa umboni uja, anafunsa modabwa kuti, "Kodi akutani pamenepo?"

"Akuti masana ankaotha msana pa makinawa."

"Kuotha?" Mayiwo anaseka mpaka nkhunda zinauluka. "Alamu, mwapenga? Pamenepo ine ndimaikapo chambiko kuti chizizire! Kutentha konse kumapita m'madzi. Kutsogoloko kumatuluka chisanu chokhachokha."

Kuseka kuja kunaduka pakati, atazindikira zimene anena.

"Mlendo wathu akuti makinawa sanaleke kulira nthawi yonse imene anali m'madzi," anatero Touria. "Ndiye kampweya kofunda kanachokera kuti, Si Allal? Inu munaganiza kuti chilichonse chotenthetsa madzi chimafunditsa msana, ngati khoma la ng'anjo. Tonse a m'kanjira kano tikanaganiza choncho, ngakhale ine. Koma munthu amene anakhalapo pamenepo kamodzi kokha sanganame bodza limenelo. Ba Mbarek munawaonadi akutsika khoma, koma munawaonera pa kazenera ka m'chipinda chovulira."

Si Allal anadzuka n'kubwerera m'mbuyo. Khwe, khwe, nsapato pasimenti.

"Ndi zomwezo!" anakuwa Ghita. "Nsapato zake ndi zomwezo!"

"Nsapato ali nazo aliyense," anatero Si Allal, mano akugundana. "Mwasecha chipinda changa. Golideyo ali kuti? Popanda golide mulibe mlandu."

Apa ananena zoona. Touria anatembenukira kwa sajeni. "Chifikireni inu, watuluka ndani m'nyumba muno?"

"Palibe, bwana. Ndinaima pakhomo ngati msomali." Bouchaib anakanda m'mutu. "Kupatula Si Allal omwewa. Koma anangopita kukasiya tanjiya ku ng'anjo ya kumsika. Anati nyama iwonongeka. Nyama, bwana, si chinthu chochita nacho masewera."

Touria anayang'ana zala zachikasu zija, zothimbirira ndi zokometsera za tanjiya. Iye anasenza tanjiya ubwana wake wonse, ndipo nthawi zonse unali m'mawa, kuti ipse pofika madzulo. Ndani amakonza tanjiya mothamanga Lachisanu masana, m'mimba muli kusikusi, m'nyumba muli apolisi?

"Munayang'anamo?"

"Munali momata, bwana."

"Tiyeni tiyambe tamwa tiyi, mitima ikhale pansi," anatero Lalla Zhor.

"Ayi, Lalla. Pakadafunda padajiwitsa galu. Sajeni, thamangani. Lero lokha thamangani."

* * *

Mtsukowo unafika utakulungidwa m'chiguduli, phulusa lidakali m'mbali. Touria anang'amba pepala lija n'kukhuthulira zonse m'mbale yaikulu, pabwalo, pansi pa mtengo wa lalanje. Munatuluka nyama yosapsa, mandimu, adyo, mafuta. Kenako ngwee, ngwee, zibangili zinagwera m'mbale, zili noninoni ndi msuzi.

Ghita anazitola osaopa kutentha, akuseka ndi kulira. "Zikununkha chitowe! Ndikawauza chiyani apongozi?"

"Ukawauze kuti waphunzira kuphika," anatero mwamuna wake. Amenewo ndiwo mawu okha amene Touria anamumva akuyankhula tsiku lonse.

Si Allal sanalimbenso. Anayang'ana alamu awo ndi maso ofiira. "Nyumba ya mkulu wanga mwaisandutsa bafa la alendo. Ikanatchuka kuti muli akuba, alendo akanathawa, inu n'kuigulitsa, ine n'kulandira gawo langa. Ndi tchimo kufuna zako?"

"Ndiye munasankha kuti nkhalamba ikafere m'ndende?" Lalla Zhor anagwira pamtima. "Aa, khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndakhala ndikukulekererani chifukwa cha malemu. Koma izi ayi. Touria, mwana wanga, gwira ntchito yako."

Sajeni anawatulutsa Si Allal, akuyang'ana nyama ija mwachisoni.

Ba Mbarek okha sanasangalale. Anakhala pomwe anakhala poyamba, mutu uli pansi. Ngakhale palibe ananena, aliyense anali atamvetsa amene ankasesa makina, ndipo nkhalambayo inkadziwa kuti amvetsa.

"Mwamasuka, Ba," anatero Touria. "Bwererani kwanu."

"Kwathu kuti? Chinthu chaululika. Ndinalumbira pamaso pa anthu." Misozi inatsikira m'ndevu. "Ndende ndikanapirira. Izi sindipirira."

"Lamulo silithetsa ukwati chifukwa cha lumbiro lotero."

"Limenelo ndi lamulo la boma, mwana wa Si Tahar."

Lalla Rkia anaima patsogolo pawo, manja m'chiuno.

"Inu bambo inu, tayang'anani kuno. Ine kwa shehe ndinapita kalekale, tsiku lomwe katsache kanga kanasowa. Ndinawafotokozera zonse. Anati lumbiro la munthu wopsa mtima silipasula banja. Mudyetse anthu osauka khumi, mupemphe chikhululuko, ndipo musadzayambirenso kutsegula pakamwa kumalo omwera khofi. Mawu omalizawo ndi anga, koma shehe anavomereza."

Nkhalambayo inadzutsa mutu pang'onopang'ono. "Unkadziwa?"

"Ndikhale nanu zaka zonsezi ndisadziwe?"

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndinkadikira kuti muyambe ndinu kupepesa. Munthu wondisinthanitsa ndi fani!" Anachotsa manja m'chiuno. "Ndikanadziwa kuti zifika pa apolisi, bwenzi nditanena. Mundikhululukire, inenso ndili ndi liuma."

Ba Mbarek anagwira dzanja la mkazi wawo n'kuliika pachipumi. Touria anayang'ana malalanje.

"Nyama ya anthu khumiwo ndigula ine," anatero Lalla Zhor, akupukuta mphuno. "Muphike tanjiya yeniyeni, osati zamanyazi izi. Ndipo mawu anga aja sanawole, Ba. Makinawo alibe womvera kapumidwe kawo. Ine ndimangodziwa kudina."

Nkhalambayo inadzuka n'kukwera masitepe, onse akuitsatira. Padenga dzuwa linali litafika pa nsanja ya mzikiti, ndipo makina ankalirabe. Ba Mbarek anayamba abweza chivindikiro pabafa, akung'ung'udza za anthu osiya madzi pamphepo. Anakankhira kutali mphika wa maluwa umene unali pafupi ndi polowera mpweya. Kenako anaima, anapinda dzanja la mkanjo, n'kusanjika chikhatho chonse pachitsulocho anthu akuona. Anacheukira kwa Lalla Rkia. Mayiwo anali pompo.

"Chikuzizira ngati mapazi ako, Rkia."

"Mundibwezere katsache kanga."

"Mawa ndibwera dzuwa likafika pamutu, Lalla Zhor," anatero Ba Mbarek, dzanja lidakali pomwepo. "Koma muuze wapakhomo andidziwe. Ndidzera pakhomo."